Zikho Ziwiri za Tatang Doro

Apongozi anga, Tatang Doro Agbayani, anabadwira m'tauni ya Piddig ndipo anamwalira komweko chaka chatha. Moyo wawo wonse ankafulula basi, mowa wathu wa nzimbe. Njati yoweta inkazunguza chofinyira nzimbe, iwo n'kuwiritsa madziwo, kuthiramo makungwa, kumata mitsuko n'kuisiya kwa zaka. Anali munthu wosalankhulalankhula, kupatula pa nkhani ya mu 1807.

Iwo ankati Asipanya, amene ankalamulira dziko lathu nthawi imeneyo, ataletsa anthu kufulula basi n'kuwakakamiza kugula wa boma, amuna a ku Piddig ananyamuka kukamenyera ntchito ya manja awo, ndipo anakaphedwa pa mtsinje wa Bantaoay. Kholo lawo linatsala kumeneko. N'chifukwa chake akatsegula mtsuko watsopano, chikho choyamba ankathira pansi, cha womwalirayo.

Mayi anga, Nanang Felisa, kwawo ndi m'mbali mwa mtsinje womwewo. Kwawo amati amene anabwerawo anali anthu oledzera, olanda mpunga, ndipo kholo lathu, lomwe Asipanya analitenga kuti likatchinge njira, linabayidwa ndi a ku Piddig omwewo. Mayi sanalaweko basi wa ku Piddig, ngakhale pa ukwati wanga. Ananena kuti akadzaona nsembeyo ikuthiridwa pamaso pawo, sadzapondanso pakhomo panga.

Pa ubatizo wa mwana wathu Marites, Tatang anatulutsa mtsuko wakale. Mtima wanga unali m'mwamba.

"Asewere," anatero mayi, "ndiye muyambe kumwetsa zidakwa zanu zija ife tikuonerera?"

"Zidakwa zimayenda ulendo wonse uja wapansi? Ine ndikamwa ziwiri ngakhale khola la nkhumba sindilipeza."

Anthu anaseka, mayi ayi.

"Wathu anafera pakhomo pake. Anakulakwirani chiyani?"

"Anagwira mkondo wa Msipanya."

"Akanakana akanam'pachika! Inu mukanatani?"

Tatang anayang'ana chikho cha chigoba cha kokonati chomwe chinali m'manja mwawo. Kenako anafunsa, "Dzina lake anali ndani?"

Mayi anazengereza. "Macario."

"Wathu anali Anacleto." Anandiyang'ana. "Mwanawe, bweretsa chikho china."

Anadzaza zonse ziwiri. Choyamba anathira pansi natchula Anacleto. Chachiwiri anapereka kwa mayi.

"Sindimwa."

"Sindinati mumwe. Macario wakhala ndi ludzu nthawi yaitali, ndipo ine sandidziwa. Mwana uyu ndi wa onse awiri."

Mayi analandira chikhocho. Anagwada, nathira pang'onopang'ono pambali pa ponyowa paja.

Za amene anayamba nkhondo ija sanagwirizane mpaka Tatang kumwalira, ndipo mayi basiyo sanamwe. Koma ankabwera. Pa maliro ndi iwo amene anatsuka zikho.

Mitsuko anasiyira ine, poti mwamuna wanga ali pa ntchito ku sitima za panyanja. Marites akadzafunsa za nkhondoyo ndidzamuuza mbali zonse ziwiri. Ndikatsegula mtsuko, ndimathira katatu tsopano.