Batire Lofiira ndi Batire Lobiriwira

Chaka chimene njinga zamagetsi zinafika kwathu ku Milepa n'kuti nditagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kwa nthawi yaitali, ndipo maondo anga anali atayamba kudandaula. Ntchito yathu ndi ya miyendo. Tsiku la sikelo ya kumidzi ndinkamangirira bokosi la katemera pa kaliyala ya njinga yakapalasa, n'kupalasa mpaka kumene amayi ankandidikira ana ali kumbuyo. Njinga yamoto pachipatala inalipo, koma mafuta atayamba kusowa inkangokhala pakhonde milungu yathunthu, nkhuku n'kumagona pansi pake.

Nthawi imeneyo bambo anga ankakhala ndi ine. Anali makaniko, ndipo moyo wawo wonse anathera m'galaja ya ku mishoni akukonza ambulansi, jenereta ndi mapampu a madzi. Atapuma ntchito anabwera ndi bokosi la zitsulo ndi kamita kachikasu koyezera magetsi. Anthu ankawabweretsera mawailesi ndi mabatire a sola, iwo n'kumakonza atakhala pa mpando wandalema kuseri kwa nyumba. Sankalankhula zambiri, koma chinthu asanachiyeze okha sankachivomera.

Kampani yoyamba inabwera tsiku la msika. Inafika ndi lole yokhala ndi zokuzira mawu, pamwamba pake njinga zitatu zofiira, zonyezimira. Amene ankalankhula anali bambo wamtali wa malaya oyera, ndipo anatiuza kuti iye ndi anzake awiri ndi amene anayambitsa kampaniyo m'tauni. Anati batire lawo ndi la mtundu watsopano, silitentha, siliyaka moto, ndipo limadzaza munthu asanamalize kumwa tiyi. Anati ukalitchaja kamodzi upita ku Limbe, kubwerako, kupitanso, lisanathe.

"Makampani akuluakulu a kunja akhala akulimbana nalo batire limeneli kwa zaka ndi zaka," anatero. "Iwo akali kuyesa. Ife tatha."

Akabaza anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditawona kale midzi yonse imene ndikanafikako osatuluka thukuta.

Bambo anali pambali panga. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Achimwene, batire limeneli mwaliyesa pa msewu uti?"

"Paliponse, madala. Pa tala, pa fumbi."

"Chilipangireni latchajidwa kangati? Chifukwa batire lililonse limakoma likakhala latsopano."

Mkulu uja anaseka n'kunena kuti ziwerengero zonse zili ku ofesi. Bambo anatulutsa kamita kawo m'thumba la jekete n'kupempha kuti angogunda nako mawaya awiri.

"Pepani madala, zamkatimu ndi chinsinsi cha kampani. Opikisana nafe ali tcheru, angatibere."

Anthu anaseka, ena n'kumati akuluwa akufuna kuyeza ndege ndi chipangizo cha wailesi. Pobwerera kunyumba ndinawadandaulira.

"Bambo, mwandichititsa manyazi pagulu paja."

"Ine ndangofunsa," anayankha. "Ngati apangadi chimene a kunja chawakanika, ndikhala woyamba kuvina. Nanga kamita kangaka kawabera chiyani?"

Patapita milungu iwiri kunabwera kampani ina. Iyi sinapite pamsika. Mayi wina wamfupi, wovala ovolosi, anafika pachipatala atakwera yekha njinga yobiriwira yokalikakalika m'mbali. Anati ndi injiniya, ndipo kampani yawo nayonso ndi yaing'ono. Zimene ananena sizinatisangalatse kwenikweni. Batire lawo linali la mtundu umene ulipo kale, lolemera. Anati likhoza kukafika ku Mauwa ndi kubwerako, n'kutsala pang'ono. Pamtunda limadya kwambiri, kukazizira limafooka, ndipo kuti lidzaze pamafunika theka la tsiku. Ndiye maganizo awo anali oti munthu asamadikire, azingosiya lakutha n'kutenga lodzaza.

Akabaza amene anabwera kudzamvera anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Wina anati, "Zomwezi? Ofiira aja akuposani kutali."

"Mwina atiposadi," anatero mayiyo. "Ine ndikunena za langali, poti ndi limene ndikulidziwa."

Ndinatumiza uthenga kunyumba, bambo n'kubwera ndi kamita kawo. Mayi uja anamasula yekha chivundikiro n'kuwapatsa mpata. Anagwada onse awiri pa fumbi, mitu pamodzi, akukambirana za mawaya mpaka dzuwa linapendeka. Tsiku limenelo bambo anaiwala chakudya cha masana.

Makampani onse awiri ankafuna kuti azaumoyo tiyambe ndife kukwera njinga zawo, poti anthu akationa ife sakayika. Akulu a pachipatala anavomera kuti tiyese zonse ziwiri kwa mwezi umodzi. Tinali alangizi awiri oyenda kumidzi, ine ndi mnzanga wina wamwamuna, ndipo popeza ine ndinali wamkulu pantchito anandiuza kuti ndisankhe. Ndinasankha yofiira.

Sabata yoyamba sindidzaiwala. Njinga ija inkayenda mwakachetechete, moti ndinkamva anthu akucheza m'minda ya nandolo ndikudutsa. Mbuzi sizinkathawa, ndimachita kuziimbira belu. Amayi okalamba ankaima m'njira n'kumandifunsa ngati injini yazima. Ndinkafika kusikelo yunifolomu ili youma, ndipo madzulo maondo sankawawa. Chimodzi chokha chinandidabwitsa. Batire lija linkatenga masana onse kuti lidzaze. Nditaimba foni, mkulu wa malaya oyera anati chotchajira chachangu chikali m'njira.

Sabata yachitatu tinali ndi sikelo pamudzi wina cha ku Mauwa. Unali mwezi wa Julaye, kutacha ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ndikunyamuka, kagalasi ka pa handulo kankaonetsa kuti batire ndi lodzaza. Nditawoloka kamtsinje n'kuyamba kukwera mtunda, timizere ta pa kagalasi tinayamba kuzimirira ndikuona. Pakati pa mtunda njinga inangoti zii.

Ndinayesa kuikankha, koma inali yolemera, matayala atamata matope. Pafupi panali nyumba imene mayi wina ankasenda chinangwa pakhonde. Anandithandiza kuikokera pabwalo pake, n'kundibwereka nsalu yopangira nkhata. Ndinasenza bokosi la katemera pamutu n'kuyamba kuyenda.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Amayi ena anali atatopa n'kubwerera, poti ana ankalira ndi kuzizira. Amene anatsala anali atabisala m'kalasi ya sukulu ya mkaka. Ndinatsegula bokosi msangamsanga, koma katemera anali akali wozizira bwino. Mayi wina wa mapasa, amene anachokera kutsidya kwa dambo, anandiyang'ana matope a m'miyendo n'kunena kuti, "Alangizi, si paja timamva kuti mwagula ndege?" Tonse tinaseka, koma ine m'kati ndinali ndi mkwiyo, makamaka podzikwiyira ndekha. Ana amene anabwerera aja ndinachita kuwatsatira m'makomo tsiku lotsatira.

Nditamaliza ntchito ndinaimbira mnzanga uja. Anabwera pa njinga yobiriwira, ndipo kumbuyo kwake kunali bambo, atavala chikhoto cha mvula, atamugwira m'chiuno mwamphamvu. Bambo anali asanakwerepo njinga yamoto chipumireni ntchito, ankati mafupa awo salola. Atatsika anayamba andifunsa ngati ndadya. Kenako anapita kumene ndinasiya njinga yofiira, kuyang'ana batire, n'kupeza kuti chivundikiro chake n'chomata ndi chidindo cha kampani.

"Ichi sititsegula tokha," anatero. "Abwere mwini wake."

Mwini wake anabwera patapita masiku awiri. Poyamba ananena kuti mwina sindinatchaje bwino. Akulu a pachipatala anamuuza kuti njingayo sichoka pokhapokha batire litsegulidwe onse akuona. Anazengereza, kenako anadula yekha chidindo chija. M'kati munali timabatire tozungulira, tokhala ngati ta tochi, tambirimbiri, tolumikizidwa ndi waya. Tina tinali tabuluu, tina tapinki. Bambo anayeza kamodzikamodzi n'kupeza kuti tina tinali totopa kale.

"Izi ndazionapo m'makompyuta akale," anatero bambo. "Latsopano lija lili kuti?"

Mkulu uja anakhala pa benchi ya odwala n'kugwira nkhope. Kenako anafotokoza kuti batire latsopanolo lilipodi, koma ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kali m'chipinda chawo choyesera m'tauni. Kuti apange lalikulu ankafunika anthu oti aike chuma m'kampani, ndipo anthuwo ankafuna kuona kaye njinga zikuyenda pamsewu. Ndiye anaganiza zoikamo wamba mongoyembekezera, n'kumalankhula za limene likubwera ngati lafika kale.

Ine ndinkafuna kumulalatira. Ndinamuuza za amayi amene anabwerera ndi ana osabayitsa, ndipo anapepesa osandiyang'ana kumaso. Koma bambo anakhala pambali pake pa benchipo.

"Kakang'onoko kakugwiradi ntchito?"

"Kakugwira, madala. Koma tikakatchaja masiku angapo kamatupa. Sitinapeze chifukwa chake."

"Ndiye mukanatiuza zimenezo. Si zamanyazi ayi. Ine jenereta ya ku mishoni inandizunza chaka chathunthu ndisanaidziwe matenda ake. Mukadzapanga lalikulu mudzabwere nalo, mtunda wa ku Mauwa ulipo. Koma pa bokosi la katemera ayi."

Njinga zofiira zinakwezedwa pa lole tsiku lomwelo. Kwa kanthawi akabaza sankafuna kumva za magetsi, ankati zonse ndi bodza limodzi. Yobiriwira ija inapitiriza kuyenda, tikumasinthana ndi mnzanga. Nayo sinali yopanda vuto. Mvula itayamba, madzi ankalowa pa switchi n'kumazima pamadambo. Tinamuimbira mayi injiniya uja, ndipo anabwera yekha, kumvetsera, kulemba zonse zimene bambo anaona, n'kubweranso ndi switchi ina yotsekedwa bwino. Akabaza anaona kuti wabwera kawiri konse chifukwa cha kachinthu kakang'ono, ndipo awiri a iwo anatenga njinga zake.

Chaka chotsatira kampaniyo inaika kabati yachitsulo pa golosale ina pamsika, mapanelo a sola ali padenga. Munthu ankafika, kutulutsa batire lakutha, kulowetsa lodzaza, n'kumapita. Anapempha bambo kuti aziyang'anira kabatiyo. M'mawa uliwonse ankavala jekete, kutenga kamita, n'kupita pamsika ngati m'masiku awo a ku galaja. Anayambanso kudya bwino, ndipo kudandaula za msana kunachepa.

Kenako kunabwera kampani yachitatu ndi batire lopepuka. Nthawi imeneyi bambo sanavutike n'kukweza dzanja. Akabaza okha ndi amene anawapanikiza alendowo. Wina anafunsa kuti kukazizira limatani, wina anati anyamule matumba awiri a chimanga akwere nawo mtunda tonse tikuona. Alendowo anavomera, ndipo njinga yawo inakwera bwinobwino. Pasanapite nthawi mayi wa zobiriwira naye anabweretsa mabatire opepukirapo, n'kundiuza akuseka kuti anzakewo akumusowetsa mtendere. Ife okwera ndi amene tinapindula.

Mkulu wa njinga zofiira anabweranso chilimwe chathachi. Anatsika minibasi yekha, atanyamula batire m'thumba la saka, n'kufunsa njira ya kunyumba kwathu. Anauza bambo kuti anzake awiri aja anamusiya, koma iye anapitiriza, ndipo tsopano wapanga lalikulu limodzi. Sanalonjeze chilichonse. Anangopempha kuti liyesedwe. Bambo analiika pa njinga ya kabaza wina wodziwa msewu, wopanda wokwera kumbuyo, n'kumalemba zimene ankaona tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri. Linkapita kutali kuposa mabatire onse amene tinali nawo, izi n'zoona, ndinaona ndekha. Koma masana kukatentha linkafunda mpaka bambo anaimitsa kuyesako. Mwini wake anabwera kudzalitenga, anawerenga zolemba za bambo mpaka kumapeto, n'kufunsa mafunso ambiri. Masiku ano amaimba foni Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, ndipo amakambirana za kutentha kwa batire mpaka foni ya bambo kutha moto. Ngati adzalithe kapena ayi, ine sindikudziwa. Bambo amati mwina, ndipo kwa iwo mawu amenewo ndi aakulu.

Ine ndikukwerabe yobiriwira. Kutsidya kwa dambo, kwawo kwa mayi wa mapasa uja, kale tinkapitako mwa apo ndi apo chifukwa cha kutalika. Tsopano tinatsegulako sikelo yakeyake, ndipo ndimapitako mwezi uliwonse. Mwezi wathawu kunabwera amayi ambiri moti makadi anandithera, ndinachita kubwerera kuchipatala kukatenga ena n'kupitanso tsiku lomwelo.