Chigubu cha Mankhwala a Chiswe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene anayamba kumanga golosale yoyamba ya njerwa zootcha pamsika wa kwathu ku Chapananga. Munali m'chilimwe, mtsinje utauma, ndipo mudzi wonse tinkamwa pachitsime chimodzi chokumba mumchenga. Chakumunsi kwake kunali kadzenje kena komwera mbuzi.

Womanga anali a Zuze, munthu wofatsa wochokera ku Nsanje. Amayi ankatunga madzi a pantchitopo, ndiye ine ndikaweruka kusukulu ndinkawalandirako ndowa. Tsiku lina a Zuze anathira mankhwala a chiswe m'maziko monse. Fungo lake linali lopweteka mutu, koma maso anga anali pa chigubu cha mankhwalawo, choyera, chotsekera chake chofiira. Kwathu tinalibe chigubu chosadontha. Nditawapempha anandipatsa, n'kundiuza kuti ndikachitsuke bwinobwino.

Ndinachitsukadi bwino. Ndinapita nacho kumtsinje dzuwa lili paliwombo, kulibe munthu. Ndinathiramo madzi ndi mchenga, n'kukhutchumula. Madziwo anatuluka oyera ngati mkaka. Ndinawakhuthulira pamchenga, pakati pa chitsime ndi kadzenje ka mbuzi, ndipo ndinaona akutsetserekera m'kadzenjemo. Ndinabwereza kanayi.

Madzulo mbuzi zinamwa monga mwa masiku onse. Pofika m'mawa zathu ziwiri zinali zitauma m'khola, thovu lili kukamwa. Kwa Mayi Fanita, mayi wamasiye woyandikana nafe, zinafa zonse zinayi. Yomaliza ndinaiona ikunjenjemera miyendo pansi pa mtengo wa masawu. Ndinangoima n'kumaiyang'ana. Sindinalire, sindinathawe. Ndinkamva ntchentche, ndinkamvanso dzuwa pakhosi, basi.

Ababa atanunkhiza chigubu chimene ndinabisa kuseri kwa nkhokwe ya mapira, anandifunsa kumene ndinatsukira. Ndinawauza. Ndinadikira chikoti koma sichinabwere. Anangotuluka kukaimitsa amayi amene ankapita kokatunga.

Anyamata ena ankafuna kusenda mbuzizo, akuti nyama siitayidwa. Wa zaumoyo atafika panjinga anakaniza. Anakumba dzenje lakuya kutali ndi mtsinje, n'kuzikwirira zonse, pamwamba n'kuika minga kuopa agalu. Chitsime nachonso analamula kuti chikwiriridwe, pakuti pansi pa mchenga madzi ndi amodzi. Kuyambira tsikulo madzi tinkakatunga kumjigo wa kusukulu, ulendo wonyamuka kutacha n'kubwera dzuwa litakwera.

Anthu atasonkhana pakhomo pa Mayi Fanita, ena anayamba kutchula dzina langa. A Zuze anafika simenti ili m'manja, anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Mwanayu musamuweruze," anatero. "Chigubucho ndinamupatsa ndine, ndipo ndine ndinamuuza kuti akatsuke. Iye sadziwa kuwerenga zolembedwa pamenepo. Ine ndimadziwa."

Mayi Fanita ankangopotokola chingwe cha mbuzi m'manja.

A Zuze anabweza mbuzi ziwiri kwa Mayi Fanita patapita milungu ingapo. Ababa anati gawo langa ndi miyendo: ndizitungira Mayi Fanita madzi mpaka mvula itagwa. Ndinatunga miyezi iwiri. Ndinkatula ndowa pakhonde, iwo n'kunena kuti "Takhuta, mwanangu," kuthokoza kwa Chisena, osaonjezera kanthu. Za mbuzi sanazitchulepo ngakhale tsiku limodzi. Khola lawo ankalisesabe m'mawa uliwonse.

Pantchito paja zinthu zinasintha mwakachetechete. A Zuze anakumba dzenje kumtunda, mbali yosayang'ana kumtsinje, n'kuyalamo pepala lakuda lapulasitiki. Wilibala, mafosholo ndi mabulashi a penti ankatsukira pamenepo. Matope a simenti akakhazikika n'kuuma, ankawafukula n'kuwathira pansi pa khonde lomwe ankamanga. Matumba otha ankawamanga mtolo m'malo mowasiya auluke. Mankhwala otsala ankawatsekera m'kachipinda, pamwamba pa thabwa.

Tsiku lina ndikudutsa ndi ndowa anandiitana. Chigubu changa chija chinali pansi, pambali pake pali china. Anandipatsa hamala ndi chitsulo chosongoka.

"Boola, Malita. Chikakhala chabwinobwino, wina adzachipemphanso, ndipo ine ndidzamva chisoni n'kumupatsa."

Ndinaboola malo atatu. Mkati munatuluka fungo lomwe lija, ngakhale ndinali nditatsuka kanayi. Zigubuzo anazimangirira panjinga, akuti akazibweza kumene anagula. Sindikumbuka kuti ndinamva chilichonse. Ndinabweza hamala, n'kusenza ndowa yanga.

Mvula itagwa anthu anakumba chitsime china kumtunda. Mayi Fanita anamwalira ndili kusekondale, ndipo sindinawapepese ndi pakamwa panga.

Lero ndili ndi kasitolo kanga ku Chikwawa. Pamene ankakamanga, amisiri ankandiona ngati mayi wovuta chifukwa ndinafunsa kumene azitsukira zipangizo ndisanafunse za malata. Sindinawafotokozere. Chimene ndachimvetsa pokula n'chakuti pa nkhani yonse ija panalibe munthu woipa mtima. A Zuze ankafuna kundithandiza, ine ndinkafuna kuthandiza amayi. Koma madzi amene munthu wataya pantchito sathera pomwepo. Amalowa pansi, amatsetsereka, ndipo kumunsiko kumakhala munthu wina amene sanafunsidwe.