Dzina la Azakhali a Hasunuma

Azakhali anga a Tokie Hasunuma amasema zidindo za mayina m'kashopu kamene anawasiyira agogo, kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Maebashi. Akwatibwi a m'dera lathu ankabwera kwa iwo kudzasemetsa mayina a amuna awo. Eni akewo anakhala ndi a Kuwabara zaka makumi atatu osalembetsa ukwati, poti lamulo limati banja likhale ndi dzina limodzi. Azakhali sankafuna kutaya la bambo awo. A Kuwabara nawo ndi mwana wamwamuna yekhayo kwawo, wosamala manda a makolo.

Nditangobwera kuchokera ku Canada, ndinkaziona ngati zachibwana. "Kumene kuja aliyense amangosunga lake," ndinatero.

"Ndiye bwerera komweko," anandiyankha, maso ali pa kampeni kawo.

Chaka chimenecho bilu yolola okwatirana kusunga mayina awo inali m'manja mwa aphungu, ndipo a Kuwabara anali atawapeza ndi chotupa m'mimba. Achipatala ananeneratu kuti zikadzavuta, adzamvera mkazi wolembedwa m'kaundula kapena wachibale basi. Azakhali anati adikira biluyo.

Kenaka nduna yaikulu, itaona kuti chipani chake chikukondedwa, inathetsa Nyumba ya Malamulo nthawi yake isanakwane. Tinaonera pa wailesi ya kanema ya m'shopumo. Kalata ya Mfumu ya dziko lathu yothetsa Nyumbayo inalowa itakulungidwa m'nsalu yofiirira, Sipikala anayamba kuwerenga, aphungu n'kukuwa "Banzai!", mfuu yachisangalalo, iye asanamalize n'komwe.

"Taonani anthu akusangalalira kuchotsedwa ntchito," anaseka a Kuwabara.

"Bilu ija ipitirira akabwerako kuchisankho eti?" ndinafunsa.

"Kunjako unkaphunzira chiyani iwe?" anatero azakhali. "Nyumba ikatha, zonse zimene zinali patebulo zimafera pomwepo. Obwerawo adzayambirenso poyamba, ngati angafune. Si koyamba ine kuziona."

Ine ndinkaganiza kuti nyumba yotere imatha zikavuta. Apa sipanavute kanthu, munthu anangosankha tsiku lomukomera.

A Kuwabara anazimitsa wailesi ija. "Tokie, ndingotenga dzina lako. Manda salankhula."

"Koma achemwali anu amalankhula. Ndiponso munthu wopita ku opaleshoni sasintha dzina. Makolo anu kumandako angakubwezeni pakhomo poyesa ndinu mlendo."

"Akandibweza si ndiye bwino?"

Azakhali sanaseke. Opaleshoni inali Lachiwiri, pamene chisankho chinali chikadali kutali. Lachisanu ndinawaperekeza ku ofesi ya mzinda. Pepala lolembetsera ukwati anali atalidzaza kale, n'kuchonga malo akuti dzina la mwamuna. Kalaliki anawafunira mafuno abwino, iwo anawerama n'kuthokoza.

Lachiwirilo tinakhala pa benchi ya chipatala kuyambira m'mawa. Chakumasana namwino anatuluka.

"Mayi Kuwabara?"

Palibe anadzuka.

"Mayi Kuwabara alipo? Adokotala akufuna akufotokozereni mmene zayendera."

Ndinawakhudza pabondo. Anayang'ana kumanja ndi kumanzere ngati akuthandiza kufuna munthuyo, kenaka anatola chikwama chawo n'kuimirira.