Akapitawo Osakuwa a ku Chinsapo

Ku Chinsapo kuli bambo ena amene amatsogolera gulu la okumba zitsime ndi zimbudzi. Onse amangowatchula kuti akapitawo. Salusa, sakuwa. M'mawa uliwonse amayamba ndi iwo kutsikira m'dzenje, n'kumagogoda khoma ndi chibakera ngati akuodira pakhomo pa eni. Amakonda kunena kuti, "Wam'dzenje saona kanthu, maso ake ndine."

M'dzinja la 2003, Leston, mmodzi wa okumbawo, anali pansi pa chitsime chakuya akudzaza dothi mu ndowa. Akapitawo atasuzumira anaona mng'alu m'khoma, pamwamba penipeni pa mutu wake, dothi likuyoyoka pang'onopang'ono. Anadziwa kuti akakuwa, Leston akwera mopupuluma poponda timaenje ta m'khomamo, n'kudzigwetsera khoma lonse.

Anakodola okumba ena awiri kuti agwire chingwe, chala chili pakamwa.

"A Leston," anaitana ndi mawu a masiku onse, "siyani piki. Dzimangeni chingwe m'chiuno mudzamwe tiyi."

"Ndimalize kaye ndowa iyi, akapitawo."

"Ayi, tiyi akuzizira. Bwerani."

Anamukoka mosamala, osagunda khoma. Atangoponda kumtunda, mbali yonse inagumuka, piki ndi ndowa n'kukwiririka. Leston anakhala pansi, akuyang'ana dzenjelo osaphethira.

Tiyi panalibe n'komwe. Akapitawo anatuma munthu kukagula ku tiyirumu. Koma atalandira kapu yawo, analephera kuifikitsa kukamwa. Tiyi yense anathera pa thalauza lawo.