Akalaliki Anachotsa 6x

M'chaka cha 1996, mvula itangoyamba, ndinatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito mayi amene tonse pasukulu tinkangowatchula kuti akalaliki. Ine ndinkaphunzitsa masamu m'kalasi lomaliza. Iwo ankatayipa mayeso athu m'kachipinda konunkha inki, ka zenera limodzi, ndipo anali atagwira ntchitoyo zaka khumi ndi chimodzi. Sukulu anaisiyira panjira atakhala ndi pakati pa mwana wawo woyamba. Ahedi anali atanena kale kuti kompyuta ikadzabwera, makina otayipira adzapita pamodzi ndi mwini wake.

Pa 14 Novembala ndinawapatsa akalalikiwo kuti atayipe funso loti ophunzira apeze kasinthidwe ka (3x² + 1)⁵, ndi yankho la ochonga: 5(3x² + 1)⁴ kuchulukitsa ndi 6x. Pepala la mayankho litatuluka, 6x panalibe. Pamene ndinkazindikira, mnzanga wochonga naye anali atawathetha kale ana asanu ndi anayi amene anakhoza.

Ndinalowa m'kachipindako mtima uli m'mwamba.

"Akalaliki, 6x wanga mwadya?"

"Ndakukonzerani, aphunzitsi. Munalemba mothamanga."

"Inu kundikonzera ine?"

"Eya. Kanambala kapamwamba kamatsikira kutsogolo, pamwambapo n'kuchotsapo chimodzi. Zaka zonsezi zimatero. Nanga 6x ameneyu ndi mwana wa yani?"

Ndinakoka mpando n'kukhala. Palibe amene anawaphunzitsa lamuloli, analitola okha potayipa mayankho a ena. Mphunzitsi amene ndinamulowa m'malo ankangofunsa zonga (x + 2)³, pomwe zamkati zimapereka 1, ndiye lamulo lawo linali lisanawagwetsepo.

"Mwangovula jekete, munthu mwamusiya," ndinatero. "M'mabulaketimo 3x² nayenso amasintha, ndipo kusintha kwake ndi 6x. Mukathana ndi zakunja, lowani mkati, kenako muchulukitse."

Anatenga pepalalo n'kuliwerenganso.

"Ndiye ana aja ndawapweteka?"

"Tichonganso. Inu mawa pa nkhomaliro mubwere ndi kope."

Kwa ahedi sindinanene kanthu. Tinayamba pa 19 Novembala, kope lili pambali pa makina, chakudya chikuzizira. Kwa miyezi itatu ankaiwalabe zamkati, mpaka anayamba kudzikalipira okha asanatseke yankho: "Iwe, walowa m'nyumba?" Amuna awo, oyendetsa lole, ankawaseka: "Mayi a ana, mukufuna kukhala benchi limodzi ndi mwana wanu?" Iwo ankayankha kuti bola mwanayo aziwabwereka rula.

Mu 1998 analemba nawo mayeso a boma a kalasi lomaliza, koma analephera ndi mamalikisi anayi. Analira tsiku limodzi lokha, m'mawa mwake anabwera ndi kope latsopano. Kompyuta inafika pa 3 Malichi 1999, ahedi n'kuwauza kuti ntchito yawo itha chaka chikamatha. Mu Juni analembanso, ndipo anakhoza bwino moti koleji ya aphunzitsi inawaitana.

Ananditsanzika pakhonde, chikwama chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndikadzalembera ophunzira anga mafunso a mayeso, mudzandionere."

"Ndidzakukonzerani," ndinatero, tonse n'kuseka.

Anachoka pa 6 Sepitembala 1999, ali ndi zaka 38.