Ndinafulasha Katatu Ndili Pachulu

Ndikukumbukira tsiku limene ndinathamanga kuchokera kusukulu mpaka kunyumba nsapato zili m'manja. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo tinkakhala ku Hara, m'mphepete mwenimweni mwa minda ya mpunga. Inali nyengo yotentha, koma kwathu madzi sankauma m'ngalande, moti pamene kwina kunali fumbi lokhalokha, ife tinkadzukira minda yobiriwira, anthu atawerama akuwokera mbande. Mmawa umenewo mayina a ana osankhidwa kupita ku sekondale anali atamatidwa pachitseko cha ofesi ya aphunzitsi aakulu. Langa linalipo. Ndinaliwerenga chala chili papepala, ndinachoka, ndinabwereranso kukaliona ngati silinathawe: Tiwonge, sekondale ya atsikana yogonera komweko.

Munthu amene ndinkafuna kuti amve nkhaniyi kuchokera pakamwa panga anali bambo anga, amene kwathu timawaitana kuti Adada. Iwo ndi amene ankandikhazika pakhonde kundiwerengetsa masamu mpaka ndilire. Analonjezanso kuti ndikadzasankhidwa adzandivinira malipenga pabwalo, ngakhale kuti gule ameneyu anamusiya kalekale mimba itayamba kuwatsogolera. Ndinkafuna kuona nkhope yawo ikusintha, ndinkafunanso gule wangayo.

Koma panali a Mbewe, aphunzitsi athu a Sitandade 8, munthu wa ku Dedza, wokonda shati yoyera ndi magalasi. Iwo ndi Adada anali mabwenzi a pabawo. Atandiona ndikudumphadumpha pakhomo la ofesi anaseka n'kunena kuti, "Tiwonge, wachita bwino mwana wanga. Koma bambo ako ndikawauza ndine. Ndikwera njinga pompano, ndikakumana nawo pamsewu wa ngalande."

Mtima wanga unapsa. Mayeso ndalemba ine, wokanena akhale wina? N'chifukwa chake ndinavula nsapato.

Adada ankayendetsa pikapu yoyera ya munthu wina wogula mpunga. Ankatuta matumba m'sikimu, minda ya mpunga ija, kupita nawo kuchigayo, ndipo mwini wake ankawalola kuti galimotoyo izigona kwathu. Masiku amenewo zimenezi zinali zofunika kwambiri, chifukwa Amama anali ndi pakati, mwezi wake womaliza. Mimba yapitayo anachedwa kufika kuchipatala, ndipo mwana sanalire. Sitinkaikamba nkhaniyi pakhomo, koma tonse tinkadziwa kuti ulendo uno pikapu ija ndiyo idzawathamangitsire Amama kuchipatala nthawi ikakwana.

Tinali ndi mafoni awiri. Ina Adada ankayenda nayo m'thumba la shati. Ina inali ya pakhomo, kafoni kakang'ono komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe, ndipo kawirikawiri kanalibe mayunitsi oti n'kuyankhulira. Choncho tinkangofulasha, kuimba n'kudula foni ikangolira kamodzi. Adada anatiikira lamulo lake. Kufulasha kamodzi kapena kawiri kunkatanthauza kuti atiimbire akapeza mpata. Kufulasha katatu motsatizana kunkatanthauza chinthu chimodzi chokha: matenda a Amama ayamba. Tsiku limene ankatiuza zimenezi anandigwira khutu, osati mopweteka, n'kunena kuti, "Katatu si koseweretsa, wamva?"

Netiweki kwathu inkapezeka pamalo amodzi, pamwamba pa chulu chachikulu kuseri kwa bafa. Amama sakanatha kukwerapo, choncho wofulasha ndinali ine.

Nditafika ndinawapeza Amama pansi pa mtengo wa mango akupeta mpunga. Ndinawauza ndikupumira m'mwamba, ndipo iwo analuluta nthungululu dzanja lina litagwira pamimba. "Yewo Chiuta! Khala pansi tsono, mwana wane, adada ako abwera pompano kudzadya." Kukhala pansi? Ine? Atangotembenuka kuti athire mpunga m'dengu, ndinatola kafoni pawindo n'kuzemba.

Pamwamba pa chulu sikimu yonse inkaoneka. Msewu wa dothi unkadutsa pakati, mbali ina ngalande yaikulu yodzaza madzi, mbali ina minda yongowokeredwa kumene. Kutali ndinaona pikapu yoyera ikubwera pang'onopang'ono, matumba atasanjikizana pamwamba. Ndipo chakuno, pamsewu womwewo, ndinaona kashati koyera panjinga kakupalasa kulowera komweko. A Mbewe anali atanditsogolera.

Ndinafulasha kamodzi. Ndinadikira, foni ili zii. Ndinafulashanso kachiwiri. Pikapu inkangobwera mwa ulemu wake, kashati koyera kakuyandikira. Ndinkawadziwa Adada: kamodzi kapena kawiri akanaimba atafika kale pakhomo, a Mbewe atawauza zonse, atagwirana chanza, ataseka kuseka kwanga. Chala changa chinaima pabatani lobiriwira. Khutu limene anandigwira lija ndinalikumbukira, sindinganame. Koma ndinadziuza kuti nkhani yake ndi yokoma, akamva aiwala mkwiyo, ndipepesa pambuyo pake. Ndinadina kachitatu.

Nthawi yomweyo pikapu inasintha liwiro. Fumbi linakwera kumbuyo kwake, ndipo ine ndinavina pachulupo poona kuti zatheka. Kenaka kafoni kanalira m'manja mwanga, dzina la Adada likuwala. Chimwemwe chake! Ndinakonza pakhosi kuti mawu atuluke bwino. Koma ndisanayankhe ndinadzutsa maso, ndipo ndinaona galimoto ija yachoka mbali yake, ikulunjika pa kashati koyera.

Ndinakuwa, ngati kuti akanandimva. A Mbewe anadziponya m'munda pamodzi ndi njinga yawo, madzi n'kuthovoka. Pikapu inakhotera mwadzidzidzi mbali inayo, tayala lakutsogolo linaphonya m'mphepete mwa msewu, ndipo galimoto yonse inapendekeka pang'onopang'ono, matumba akugubuduka, mpaka inagona cham'mbali m'ngalande. Phokoso lake linandifika mochedwa. Kafoni kanalira kamodzinso, kenaka kanasiya.

Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji pachulu paja. Ndinangopezeka ndili pamsewu ndikuthamanga, anthu akutuluka m'minda matope ali m'miyendo, mbande zili m'manja, aliyense akufuula zake. Ndisanafike ndinaona munthu akutulukira pawindo la galimoto. Anali Adada, magazi akutsika pachipumi, nsapato imodzi palibe. Sanayang'ane galimoto, sanayang'ane matumba amene ankamwa madzi. Anayamba kuthamangira kunyumba, ndipo titakumana anandigwira mapewa n'kundigwedeza.

"Amama ako ali kuti? Zayamba nthawi yanji?"

Sanadikire yankho. Anandisiya n'kupitiriza kuthamanga, ine pambuyo pawo. Titalowa pabwalo tinawapeza Amama ataimirira, lichero lili m'manja, akuyang'ana kumsewu kumene kunkamveka phokoso. Ataona magazi anataya lichero, mpunga n'kumwazika. "Kasi nchivichi? Mwatani?" Adada anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuona kuti ali bwinobwino. Anakhala pansi padothi pomwepo.

"Wafulasha katatu ndani?"

Kafoni kanali kakadali m'manja mwanga. Panalibe kothawira.

Ndisanayankhe, a Mbewe analowa pabwalo akukankha njinga yopindika chiwongolero. Shati yoyera ija inali yakuda mpaka m'khosi, magalasi atapachikika khutu limodzi, kumutu kuli kambande kamodzi. Anandiyang'ana, anayang'ana foni, ndipo ndikuganiza kuti anamvetsa zonse. "Nena wekha, Tiwonge," anatero. "Ine mpikisano uwu ndautaya, ndangotsala pang'ono kufera nkhani ya eni."

Mawu amene ndinawakonzera pakhosi aja anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. "Adada, ndasankhidwa. Yogonera komweko."

Kenaka Adada anadzuka, magazi akudonthera pashati, anawongola msana, anakweza chibwano, n'kuponya mwendo wopanda nsapato uja kutsogolo mwa ulemu wonse wa malipenga. Anavina masitepe atatu kapena anayi, akuliza lipenga ndi pakamwa. Anthu amene anatitsatira kuchokera kumsewu anaphulika kuseka, ena akululuta, a Mbewe akuomba m'manja matope akuthothoka. Ine ndinkaseka ndikulira. Gule wanga ndinamulandira, koma sanandikomere monga ndinkaganizira.

Amama atamva za kufulashako anathyola kamtengo ka bulugamu kuti andikwapule. Adada, atamangidwa kale chitenje kumutu, anawaletsa. Anandiitana n'kundikhazika patsogolo pawo.

"Iwe walakwa, ndipo ukudziwa. Koma chiwongolero chinali m'manja mwa ndani? Ndikanaima pambali, n'kuimba nditaima, bwenzi pano tikudya nkhuku. Ine ndinaponda moto, maso ali pafoni kufunafuna dzina la pakhomo. Ndinangoti ndiyang'ane kamphindi. Podzutsa mutu ndinaona magalasi a aphunzitsi ako."

Madzulo a tsikulo ng'ombe zinayi zinaikoka pikapu kuitulutsa m'ngalande, amuna akuimba ndi kukuwirira ng'ombezo, ife ana tikuthamanga uku ndi uku. Kwa anzanga chinali chisangalalo chosaiwalika. Koma galimoto itaima pamsewu, tayala lakutsogolo linali litayang'ana kwina. Anaikokera kugalaja ku Karonga boma, ndipo amakaniki anati chitsulo chothyokacho achiyembekezera kuchokera kutali.

Patapita masiku anayi, dzuwa lili pamutu, matenda a Amama anayamba. Sipanafunike kukwera pachulu, chifukwa Adada anali pakhomo, alibe choyendetsa. Pabwalo pamene pikapu inkagona panali madontho a oyilo okha. Anathamanga kukabwereka ngolo kwa aneba, tinayalamo matiresi, ndipo Amama anagonamo atafunda chitenje kumaso kuopa dzuwa.

Ulendo umene pagalimoto unali wa kanthawi kochepa, pangolo unakhala ngati sudzatha. Ine ndinkayenda pambuyo nditasenza beseni la zitenje. Tayala likagwera m'dzenje Amama ankabuula, ndipo kubuula kulikonse kunkandilasa pamtima, chifukwa ndinkadziwa amene anawaika m'ngolomo. Tinadutsa pamalo pamene pikapu inagwera, mizere ya matayala ikuonekabe m'matope. Adada ankayenda m'mbali mwa ngolo atawagwira Amama dzanja, bandeji ili kumutu. Sananditukwane, sanandiyang'ane n'komwe moipa. Ndikanakonda akanandimenya. Njira yonse ndinkaganiza za mwana uja amene sanalire, ndikupemphera mwa Chitumbuka, mwa Chichewa, ngakhale mwa Chingerezi cha Sitandade 8.

Titafika, namwino wina wa kummwera anatuluka akukalipa kuti tinali kuti nthawi yonseyi, n'kuwalowetsa Amama mwamsanga. Ine ndi Adada tinakhala pabenchi panja. Sipanatenge nthawi yaitali. Mkatimo munamveka kulira kwa khanda, kwamphamvu, kwaukali, ndipo Adada anabisa nkhope m'manja mwawo. Ameneyo anali mlongo wanga Wongani.

Lero ndine munthu wamkulu, ndimagwira ntchito ku Mzuzu, ndipo ndili ndi kagalimoto kanga. Anzanga amandiseka kuti foni yanga ndikamayendetsa imakhala m'chikwama ngati ya agogo, ndiponso kuti ndikaimbira munthu ndimayamba ndafunsa ngati ali pachiwongolero ndisanamupatse moni. Ndimangowasiya aseke. Iwo sanayendepo pambuyo pa ngolo ija.

Koma ndivomere kuti dzanja la munthu silimva msanga. Chaka chatha ndinkatsika mapiri kupita kwathu, pamsewu wokhotakhota, lole ili patsogolo panga. Foni inalira m'chikwama pampando wa pambali, n'kudula. Inaliranso, n'kudula. Kenaka kachitatu. Adada tsopano ndi okalamba, amadwaladwala, ndipo pakhomo pathu katatu ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndinangoona dzanja langa lamanzere lafika kale pazipi ya chikwama. Pamenepo ndi pamene ndinawamvetsa Adada koyamba. Sikunali kupusa kumene kunawachotsa maso pamsewu tsiku lija. Chinali chikondi ndi mantha, ndipo zimenezi zimakoka dzanja mwamphamvu kuposa china chilichonse.

Ndinalibweza dzanjalo pachiwongolero. Ndinayenda makona ena angapo misozi ili m'maso, mpaka ndinapeza malo otakasuka pamene amayi amagulitsa nthochi. Ndinaima, ndinazimitsa injini, n'kuimba.

"Asisi! Asisi, ndasankhidwa!"

Anali Wongani, mwana amene nkhani ya pachulu waimva kambirimbiri, koma chimwemwe chitamugwira anaiwala zonse monga ndinaiwalira ine. Ndinakuwa m'galimotomo mpaka amayi a nthochi anadzuka kudzasuzumira. Ndinkafuna kumukalipira, koma mawu okalipa sanabwere. Nkhani yake inandidikira mpaka nditaima, ndipo sinachepe kukoma. Ikanakhala yoipa, ikanandidikiranso, ndipo ikanafuna kuti ndifike wamoyo.

Kumbuyo kwa phokoso lake ndinamva mawu a Adada, okalamba koma omveka bwino, akufuula chapatali: "Iwe, usanalongolole zambiri, mufunse kaye ngati waimika galimoto."

"Auze kuti ndaima," ndinayankha. "Ndaima, Adada."