Mbewu ya Dzala

Munda wa amayi ku Nkaya unali mchenga wokhawokha, woti ngakhale kaufiti ankamera monyinyirika. Chimene chinkatidyetsa ndi dzala la kuseri kwa khola la mbuzi. Tinkataya pamenepo mapesi, makoko a nandolo, zitosi, ndowe ndi phulusa, amayi n'kumathira madzi otsukira mbale. Chaka chilichonse potuta manyowa ankasiyako dengu limodzi la akale, akuda bii, n'kulisakaniza ndi zinyalala zatsopano. Ankati imeneyo ndi mbewu ya dzala, ndipo anachita kuitenga pamutu kuchokera kwa amayi awo ku Ntaja. Ukapisa mkono m'katimo unkamva kutentha ngati m'khwapa mwa munthu.

Achimwene anga anapita kukaphunzira zaukhondo ku Zomba nkhondo ya Azungu itangotha. Anabwerako ndi kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo ndi mawu amodzi atsopano: majeremusi. M'chikho majeremusi, m'zikhadabo majeremusi, ngakhale moni wa m'manja ankapereka ngati akugwira nyama yoola. Ine ndinali kale pabanja, wa ana awiri, ndipo ndinkangowaseka. Ndikanadziwa ndikanawabisira khasu.

Tsiku lina anafika ndi chitini cha mankhwala akuda aja othira m'zimbudzi za kuchipatala. Bwana wawo ankayembekezeka kudzayendera midzi ya m'mbali mwa njanji, ndiye iwo sanafune kuti nyumba yakwawo iwachititse manyazi.

"Amayi, ichi chichoke. Mukuweta matenda."

"Iyayi bambo, limeneli si dzala wamba. Tapisani dzanja mumve, lili moyo."

"Kutenthako ndiye majeremusiwo!"

Pamenepo sananame, koma nzeru zawo zinathera pomwepo. Analifukula lonse, kuthira mankhwala aja, n'kutentha zouma zonse. Fungo linatipweteka mutu masiku atatu. Nyongolotsi zinatuluka n'kufera pamtunda, nkhuku osazitola n'komwe. Bwana uja anadutsa pa sitima, sanatsike.

Amayi anayesa kuunjikanso. Milungu inapita, muluwo uli zii, mapesi ali gwa ngati aikidwa dzulo. Ndinkawaona m'mawa uliwonse akupisa mkono mpaka m'chigongono, n'kuutulutsa uli wozizira. Mvula inagwa tilibe choika m'mizere. Chimanga chinamasula ngayaye chili m'chiuno, masamba achikasu, zitsononkho ngati chala.

Patapita zaka, mwana wanga akuwerenga buku la kusukulu, anandiuza kuti m'nthaka muli tizilombo tosaoneka ndi maso, mitundumitundu, tina toyambitsa matenda, koma tambiri timagawana ntchito: tina timaoletsa phesi, tina timasandutsa zoolazo chakudya cha mbewu. Ndinapsa mtima ngati zachitika dzulo. Ndiye kuti Azunguwo ankadziwa! Anangosankha kuphunzitsa achimwene theka loopsezalo, n'kuwapatsa chitini. Ndipo boma la Azungu omwewo, pasanathe zaka zitatu chifere dzala lija, linatumiza mlangizi wa malimidwe kudzaphunzitsa amayi kukumba dzenje la kompositi, atagwira ndodo yoyezera, akuwalankhula ngati mwana.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si chimenecho. Mwezi wa Febuluwale wotsatira zokolola zoipa zija nkhokwe inali mbee, amayi akukalima m'minda ya eni kuti apatsidwe gaga. Achimwene anabwera kudzacheza Lamlungu, atanenepa, nsapato zikuwala. M'nyumba munali dzungu limodzi lokha, limene amayi anasungira adzukulu awo. Analiphika, n'kuwaikira lonse mwana wawo wophunzirayo. Ine ndinafuna kulankhula, amayi anandiponda phazi.

"Nanga inu amayi simudya?"

"Idyani bambo, ife tadya kale."

Anakhulupirira. Anadya lonse, ana anga akuyang'ana pakhomo, n'kupempha madzi owiritsa osamba m'manja.